Nyumba Yagalasi Yopanda Pobisala

Mmisiri wa magalasi anakhala pa ubwenzi ndi Mzime miyezi isanu ndi iwiri osapondako kwawo kwa mtsikanayo. Ankakumana kuseri kwa tchalitchi kwaya ikaweruka, pafupi ndi mpopi wodontha, Mzime atafungatira buku la nyimbo pachifuwa. Akamufunsa kuti kwanu ndidzafika liti, yankho linali lomwelo: nthawi sinakwane, bambo akudwala, amayi mtima uli m'mwamba. Mmisiri ankapita kukagwada, n'kupempha Ambuye kuti amupatse kuleza mtima, ngakhale nthawi zina ankawonjezera kuti ngati n'kotheka amupatse msanga.

Lolemba lina uthenga unalowa pafoni.

"Khomo latseguka. Bwera mawa ndi tepi yako yoyezera. Koma ukafika usandidziwe."

Anauwerenga kanayi, mutu unaima. Ataimba foni, Mzime anafotokoza monong'ona. Bambo ake, amene anthu onse ankawatchula kuti Aphunzitsi chifukwa anaphunzitsa sayansi zaka makumi atatu, anafa ziwalo mbali yakumanja, mawu nawo anapita. Chimene chinawatsalira chinali analimata awiri amawangamawanga amene wophunzira wawo wakale anawapatsa. Tinyamato tinkakhala m'beseni lapulasitiki, ndipo beseni linali litang'aluka. Banja linagwirizana zofuna mmisiri wopanga bokosi lagalasi, Mzime n'kunena kuti kutchalitchi aliko wina.

Nkhani ina ndiyo inali yowawa. Mnyamata woimba kiyibodi kutchalitchi anali atauza amayi kuti Lamulungu la sabata yotsatira adzabwera kudzafunsira Mzime, ndipo amayi anali atayamba kale kuchapa makatani. Koma m'nyumba imeneyo palibe chinkatheka Aphunzitsi asanagwedeze mutu.

"Bambo akakukonda, ine ndilankhula," anatero Mzime.

"Nanga osangolankhula lero bwanji?"

"Iwe amayi sukuwadziwa. Ingobwera ndi tepi."

* * *

Amene anamutsegulira chitseko anali achemwali ake a Mzime, mwana woyamba m'banjamo, amene anasiya ntchito yosoka kuti azisamalira bambo. Anali munthu wofatsa, wa manja okhakhala ndi sopo. Anamulowetsa pabalaza pamene Aphunzitsi anakhala pampando wa ndalema pafupi ndi zenera, bulangete lili pamaondo, kapu yadothi yobenthuka kukamwa ili pakatebulo kumanzere kwawo.

Beseni linali pansi, lophimbidwa ndi neti yakale. Mmisiri atasuzumira anaona phale la mphika wa maluwa, kachubu ka katoni, kansanza konyowa ndi chitsekerero cha botolo chokhala ndi madzi. Nalimata sanamuone, anangoona kansonga ka mchira wonenepa kotulukira pansi pa phale.

Amayi anatulukira kukhitchini akupukuta manja. Anati iwo sakana kuti Mulungu analenga zokwawa zonse nanena kuti zili bwino, koma sanalamule kuti zizikhala pabalaza. Ngati amisiri angathe, apange chinthu chooneka ngati cha m'nyumba ya anthu opemphera, chifukwa kukubwera alendo olemekezeka.

Pomwepo Mzime anadutsa atanyamula zovala zochapa.

"Mwaswera bwanji, amisiri?" anatero akuyang'ana khoma.

"Ndaswera bwino, chemwali, kaya inu."

Tepi inamupulumuka m'manja n'kudzikulunga yokha ndi phokoso.

Poyeza malo, anaona mmene Aphunzitsi ankasolola khosi kuti aone m'beseni, osaona kanthu. Chifundo chinamugwira. Munthu wosayenda, wosalankhula, chomusangalatsa n'chimodzi chokha, nachonso chabisala pansi pa zinyalala! Analonjeza mumtima kuti apanga nyumba yoti mkuluyo aziona tinyama take nthawi iliyonse, popanda chotchinga. Mmisiriyu moyo wake wonse ankalowetsa kuwala m'nyumba za anthu, ndipo ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti kuwala sikungalakwe.

* * *

Lachisanu anabwera nalo. Linali bokosi lalitali ngati mkono ndi theka, galasi mbali zonse zinayi, m'mphepete mosalala moti khanda likhoza kusisita. Pamwamba anaika chivindikiro cha sefa ya waya kuti mpweya uzilowa, pansi anayala matailosi oyera, ndipo anapachika nyale yaitali yowalira kuchokera ngodya ina kufika ina. Phale, kachubu ndi kansanza anazitaya yekha m'bini.

Achemwali anasamutsa analimata mosamala pa chikhatho. Wamkulu ankamutchula Mawanga, wamng'ono Waulesi. Nyale itayaka, tinyama tonse tiwiri tinaima pakati pa matailosi titatsinzina, kenaka tinathamangira m'ngodya.

"Akuyendera nyumba yatsopano," anatero mmisiri.

Amayi anavomereza kuti tsopano pakuoneka paukhondo. Achemwali anati sanaonepo munthu wa manja odala chotere. Koma Aphunzitsi anabuula, natambasula dzanja lamanzere, kapu ija n'kugubuduka pakatebulo, tiyi n'kutayikira pamkeka.

Achemwali anapepesa kuti dzanja limenelo limanjenjemera. Anapukuta, naimika kapu, n'kupita kukawiritsira mmisiri tiyi wake, wothira mkaka wambiri.

* * *

Sabata imene inatsatira inali ya chisokonezo chokhachokha. Analimata analeka kudya. Nkhululu zimene achemwali ankaponyamo zinkangodumpha pamisana pawo. Tsiku lonse ankakanda galasi ndi tizala tawo, michira ikunka niphwa. Aphunzitsi nawo anayamba kukana chakudya, akutembenuza nkhope supuni ikafika pakamwa, ndipo kapu inkagwa katatu pa tsiku.

Mauthenga a Mzime ankabwera ngati mvula ya mphepo. Lolemba analemba kuti, "Wawachita chiyani bambo?" Lachiwiri m'mawa, "Usabwerenso, amayi akwiya." Masana a tsiku lomwelo, "Bwanji sukubwera? Ukufuna anditenge wa kiyibodi?" Mmisiri anafunsa kuti atsate uti mwa mauthenga awiriwa. Yankho linali lakuti ngati amamukondadi akanadziwa yekha.

Choncho ankapita madzulo aliwonse. Anapukuta galasi mpaka linachita kung'anima. Anasintha madzi. Ataona kuti sizikuthandiza, anaganiza kuti mwina kuwala n'kochepa, n'kuika babu lowala kuposa loyamba. Tinyama tinakanikiza mitu m'ngodya ngati ana olangidwa.

Masiku onsewa Mzime ankakhala m'chipinda. Wokhala ndi mmisiri pabalaza anali achemwali, akumugwirira sikuludalaiva, akumufunsa ngati amadya mokwanira, ngati ali ndi womuchapira. Lachinayi anafunsa akuyang'ana pansi ngati amisiri ali pabanja.

Mmisiri sankadziwa kunama. Anati ayi, koma alipo amene mtima wake unamusankha.

"Ali kutali?"

"Ali pafupi kwambiri, achemwali. Ndiye chifukwa chake ndimabwera m'nyumba muno tsiku ndi tsiku. Kungoti sindinapatsidwe mpata womutchula."

Achemwali anaweramitsa mutu n'kuyamba kukonza bulangete la bambo, lomwe linali lokonzeka kale. Kukhitchini phokoso la mbale linaleka kwa kanthawi. Aphunzitsi anayang'ana mmisiri, anayang'ana mwana wawo. Mmisiri sanaone chilichonse mwa izi. Maso ake anali pa Waulesi, amene anali atatsinzina ngati wakufa.

* * *

Loweruka anapeza wa kiyibodi atafika kale, atakhala pampando wabwino, nsapato zikuwala, fungo la mafuta onunkhira lili thoo m'nyumba monse. Anati wangodutsa kudzaona Aphunzitsi mawa lisanafike. Mzime anali ataimitsidwa pafupi ndi kabati atanyamula thireyi.

"Aa, m'bale wathu wa mawindo," anatero wa kiyibodi. "Ndamva kuti mwatsegula chipatala cha abuluzi, odwala ake sakuchira."

Anafotokozera amayi kuti iye nyama amazidziwa, chimene tinyamati tikusowa n'kugwiridwa ndi munthu wodziwa. Achemwali asanamuletse, anatsegula chivindikiro n'kunyamula Mawanga ndi mchira. Nalimata anagwera pamatailosi, mchira unatsala m'zala za wa kiyibodi ukuphiriphitha wokha. Mnyamatayo anauponya, unagwera m'thireyi ya Mzime, amayi anakuwa dzina la Ambuye. Aphunzitsi analira kulira kopanda mawu, dzanja likumenya pakatebulo, kapu n'kugwanso.

Wa kiyibodi, akupukuta zala ndi mpango, anati nyama yathanzi siduka chonchi. Bokosi limeneli lawotcha tinyama mpaka tafewa. Amayi anagamula pomwepo. Mawa amisiri adzachotse chigalasi chawocho, ndipo abuluziwo akatayidwe kutchire kumene Mlengi anawaika, asanaphe mwini nyumba ndi chisoni.

Mmisiri anayang'ana Mzime. Mzime anayang'ana mchira uli m'thireyi.

Mzime anamupeza pageti akumanga chikwama cha zida panjinga. Mmisiri anati sakumvetsa kanthu. Anapanga nyumba yabwino, tinyama tikufa. Anabwera kudzakondedwa ndi bambo, bambo akulira akamuona. Ndipo amene anamuitana anangoti chete munthu akumunyoza.

"Ndimati ndilankhule," anatero Mzime. "Mawu anafika pakhosi. Koma onse akanditembenukira ndimauma, sindipuma n'komwe. Sunaone kuti ngakhale ku kwaya ndimaima kuseri kwa chipilala?"

"Wobisala ndi amene wachita choipa. Ife talakwa chiyani?"

Mzime anamuyang'ana, misozi ili lengelenge.

"Si aliyense wobisala ali ndi tchimo," anatero, n'kubwerera m'nyumba.

* * *

Lamulungu ulaliki unamudutsa pamutu. Anakhala kumbuyo, akupempha chinthu chimodzi chokha, kuti Ambuye amutsegule maso, chifukwa nzeru zake zinali zitatha. Kwaya itaimirira anamufunafuna Mzime. Analidi kuseri kwa chipilala, pooneka phewa lokha. Koma mawu ake apansi aja ndiwo ananyamula nyimbo yonse, odzaza, osanjenjemera. Inali nyimbo yakale yopempha Mulungu akhale pothawira pa munthu wotopa, ndipo mmisiri anali ataiimba kuyambira ali mwana osaganizapo kuti nawo oyera mtima amapempha pobisala.

Dalitso lomaliza litangoperekedwa anakwera njinga, kuti akachotse bokosi amayi ndi mlendo wawo asanafike. Anapeza achemwali atagwira mbale ya chakudya chimene bambo anakana. Anagwada patsogolo pa Aphunzitsi n'kupepesa, kuti anafuna kuchita chabwino koma walephera, ndipo sakudziwa pamene walakwa.

Aphunzitsi anatambasula dzanja kulinga ku kapu. Achemwali anati ayigwire isagwe, koma mmisiri anawaletsa. Kwa nthawi yoyamba anayang'anitsitsa dzanjalo. Silinkanjenjemera. Zala zinagwira kapu bwinobwino, zinaigoneka chammbali, n'kuikankha pang'onopang'ono kulunjika ku bokosi mpaka inafika m'mphepete mwa tebulo. Maso a mkuluyo anachoka pa kapu, anapita pa Mawanga, anabwereranso pa kapu.

Mmisiri anaiwakha isanagwe. Anasuzumira m'kati mwake, mwamdima, mokwana nalimata mmodzi.

"Ambuye ndikhululukireni," anatero chapansipansi. "Aphunzitsi, sabata yonseyi mwakhala mukundiphunzitsa?"

Mkuluyo anatsinzina, nagwedeza mutu.

Kuchokera apo anagwira ntchito awiri, wina ndi manja, wina ndi maso. Mmisiri anatsuka kapu n'kuigoneka m'ngodya. Anazimitsa nyale yaitali ija. Aphunzitsi analoza kanyale kowerengera kamene kanali pakabati, kenaka analoza mbali imodzi yokha ya bokosi. Mmisiri anakaika pamwamba pa sefa kumbali imeneyo, kuti uku kukhale kofunda, uko kozizira, kanyama kazisankha kokha. Anadula katoni n'kutchinga galasi lakumbuyo ndi la m'mbali zonse ziwiri, n'kusiya lakutsogolo lokha. Madzi anawasunthira kozizira.

Achemwali anatuluka, nabwera ndi phale lija. Anati analitola m'bini tsiku lomwelo, mtima sunalole. Analiika mbali yofunda, ndipo pakati anavundikira kachitini kapulasitiki koboola khomo, kokhala ndi kansalu konyowa m'kati, poti paja kansanza kaja kanali kothandiza tinyama tikamafundula. Nyumba yokongola ija tsopano inkaoneka ngati pamalo pamene ana amasewera. Mmisiri anaiona, n'kudabwa kuti mtima wake wakhala pansi.

Anadikira onse atatu, ali phee. Waulesi anatsegula diso limodzi, anayenda mwaulesi wake n'kulowa pansi pa phale. Mawanga, ndi kachitsa ka mchira, ananunkhiza kapu, n'kulowa yense. M'bokosi munalibenso chooneka. Patapita nthawi yokwana kuimba nyimbo zitatu, kamutu kanasuzumira pakamwa pa kapu. Nkhululu inadutsa. Kamutu kanaitsompha n'kubwerera mumdima.

Aphunzitsi anaseka, kuseka kopotoka kwa mbali imodzi, misozi ikutsikira m'masaya. Kenaka anayang'ana mbale ija n'kutsegula pakamwa. Achemwali anawadyetsa akulira, akuthokoza Mulungu pa supuni iliyonse.

Mmisiri anatulutsa foni n'kulemba: "Ndamva tsopano. Sindikukokanso. Udzatuluka wekha ukakonzeka, ine ndili pompano."

* * *

Uthengawo unali usanawerengedwe pamene chitseko chinatseguka. Analowa amayi, pambuyo pawo wa kiyibodi atavala suti, pomalizira Mzime, foni ili m'chikwama, nkhope ili yotuwa. Amayi anaona bokosi likadali pomwepo, lodzaza ndi zimene anazitcha zinyalala, ndipo anakoka mpweya kuti ayambe. Koma anaona mbale yopanda kanthu, anaona amuna awo akumwetulira, mkwiyo n'kuwathera.

Achemwali anafotokoza zonse mwachidule. Wa kiyibodi anati nayenso anaganiza zomwezo dzulo, kungoti sanafune kuchititsa manyazi m'bale. Anakonza tayi, nayamba mawu amene anakonzekera, akuti wabwera modzichepetsa pamaso pa bambo ndi mayi pa nkhani ya mwana wawo wamng'ono.

Aphunzitsi sanali kumumvera. Anakodola mmisiri ndi chala. Mmisiri anagwada pambali pa mpando, mkuluyo n'kumugwira dzanja mwamphamvu yodabwitsa. Mmisiri anaponya diso kwa Mzime, ndipo anaona nkhope yake ikuwala. Ichi ndicho anapempherera onse awiri.

Mkuluyo anaika dzanja la mmisiri pabondo lake. Anatambasula dzanja lake lamoyo lija, nagwira dzanja la achemwali, amene anaima kuseri kwa mpando. Analikoka, naliika pamwamba pa dzanja la mmisiri, nasanjikapo lake. Anagwedeza mutu katatu.

Amayi anakhala pansi pamkeka. Anati iwo anamva ndi makutu awo Lachinayi lija ali kukhitchini, anangosunga mumtima. Anati mwana wawoyu wataya zaka zake akusamalira bambo ake, anthu akumunena, koma Mulungu saiwala wotumikira mwakachetechete. Ana awiri tsiku limodzi! Anayamba kuimba nyimbo yothokoza.

Mmisiri anadzidzimuka. Anayang'ana achemwali, ndipo anaona pankhope yawo chimwemwe chamanyazi chimene sanachionepo, ndi pomwe anakumbukira tiyi wa mkaka wambiri uja, ndi mawu ake omwe a Lachinayi. Akanena zoona, aphwanya munthu wosalakwa pamaso pa mlendo. Akakhala chete, wanama pamaso pa Mulungu. Ndipo anali atangolonjeza kuti samukokanso Mzime.

Wa kiyibodi anamwetulira mpaka mano a m'mbali kuoneka. "Zikomo kwambiri, mlamu," anatero. "Ndiye kuti ife tatsala ndi yathu."

Thireyi sinalipo yoti Mzime ayang'ane, chipilala chinali kutali. Anayenda kuchoka pakhomo kufika pakati pa balaza, pamene aliyense ankamuona. Nyimbo ya amayi inadukira pakati.

"Bambo," anatero ndi mawu apansi aja, "dzanja limenelo ndi langa. Lakhala langa miyezi isanu ndi iwiri. Amisiriwa ndinawaitana ndine, ndipo wolakwa ndine."

Kumwetulira kwa Aphunzitsi kunazima pang'onopang'ono, dzanja lawo linatsetsereka n'kugwera pabulangete. M'bokosi Mawanga anabweza mutu wake m'kapu.

Mmisiri anayesa kusolola dzanja lake mofatsa. Achemwali sanayang'ane mng'ono wawo, sanayang'ane amayi. Anangofinya zala zawo zokhakhala zija, ndipo sanalitaye.